Ana 100, mphunzitsi mmodzi: kodi "kuphunzitsa mwana aliyense malinga ndi zosowa zake" n'kutani?

Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, pa wailesi, ngakhale ku TDC kumene aphunzitsi amakasulidwa, pali mawu amene sakusowa masiku ano: ana ndi osiyana, choncho aliyense aphunzitsidwe malinga ndi zosowa zake. Palibe amene amaimika mkono kutsutsa. Mayi aliyense wa ana atatu amadziwa kuti woyamba anayenda msanga, wachiwiri anachedwa kuyankhula, ndipo wachitatu sakhala pansi ngakhale mutamulonjeza chiyani. Paja zala za dzanja limodzi sizilingana.

Koma mayi yemweyo akadutsa pa sukulu m'mawa n'kusuzumira pawindo la Sitandade 2, amapeza ana okwana 100 atakhala pansi, mawondo akugunda misana ya anzawo, mphunzitsi ali yekha kutsogolo ndi choko m'manja. Phunziro ndi la mphindi 30. Atati agawe mphindizo mofanana, mwana aliyense sangapeze ngakhale theka la mphindi. Ndiye mawu okoma aja akutanthauza chiyani m'chipinda chimenechi?

Chisokonezo chimabwera chifukwa mawuwa ali ngati mtolo wa nkhuni za mitengo yosiyanasiyana. M'katimo muli mfundo zingapo, iliyonse ndi kwawo, iliyonse ndi mbiri yake. Zina zinayesedwa ndipo zimayaka bwino, zina zimangofuka utsi, ndipo zina akatswiri akukanganabe. Tiyeni timasule mtolowo.

Kalasi yeniyeniyo

Kalasi ndi ganizo lakuti ana a msinkhu umodzi angathe kuphunzira zinthu zofanana, pa liwiro limodzi, m'chaka chimodzi. Tinaizolowera kwambiri moti timaiwala kuti inachita kupangidwa.

Kumudzi mwana ankaphunzira kuumba mbiya, kuluka nkhokwe kapena kupalasa bwato ali pambali pa wamkulu, ndipo wamkuluyo sankamupatsa ntchito yachiwiri asanaone kuti yoyamba yagwira. Vuto la kuphunzitsa chikhamu cha ana nthawi imodzi linadza ndi sukulu za anthu wamba. Mu 1798 Joseph Lancaster anatsegula sukulu ya ana osauka ku London, ndipo posakhalitsa anali ndi ana mazanamazana. Anasankha okulirapo ndi odziwako kuti aziphunzitsa anzawo m'timagulu. Ankawatcha mamonitala, dzina lomwe tikulidziwa mpaka lero, ngakhale monitala wathu ntchito yake yaikulu inatsala yolemba olongolola. Chofunika kuchisunga m'mutu n'chakuti timagulu ta Lancaster sitinkatengera zaka. Mwana ankakhala m'gulu la zimene akutha, n'kukwera akazidziwa.

Kenaka, m'kati mwa zaka za m'ma 1800, maboma a ku Ulaya ndi America atafuna kuti mwana aliyense apite ku sukulu, njira yoika ana m'makalasi chaka ndi chaka inafala chifukwa ndi yosavuta kuyendetsa: buku limodzi, silabasi imodzi, mayeso amodzi. Ndi yomweyi imene tili nayo kuno.

Kalasi yotere ili ngati basi ya ulendo wautali imene imanyamuka pa depoti iliyonse nthawi ikangokwana. Silabasi ndiye ndondomeko ya ulendowo. Amene wakwera pa depoti yoyamba amafika. Amene anachedwa, mwina chifukwa cha malungo, mwina chifukwa anayamba sukulu temu ili pakati, amathamangira basi imene ikungopitirira. Mankhwala okhawo amene dongosololi linakonza ndi kubwereza kalasi, ndiko kuti kudikira basi ya chaka chamawa, yoyenda pa liwiro lomwe lija.

Kuno basiyi inadzaza mwadzidzidzi mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osapita ku koleji, amene anangosulidwa masabata ochepa. Chinali chinthu chachikulu kwa mabanja osauka, ndipo ambiri amene akuwerenga nkhaniyi analowa m'kalasi chifukwa cha chaka chimenecho. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinakule pa liwiro la ana. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, pamene m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri chiwerengerocho chimapitirira kutali. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndi amene anali ndi luso loyambira la kuwerenga, ndipo pafupifupi 13 ndi amene anali ndi luso loyambira la masamu.

Zimene mphunzitsi amakhulupirira za mwana

Tisanafike pa njira zophunzitsira, pali chinthu chimene sichilembedwa mu sikimu kapena mu lesoni pulani: ganizo limene mphunzitsi ali nalo mumtima pa mwana aliyense. Kodi nzeru ndi chibadwa, moti wina ndi wanzeru, wina ndi mbutuma basi? Kapena nzeru zimakula mwana akapeza thandizo loyenera?

Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa sukulu ina ya pulayimale ku California. Anauza aphunzitsi kuti mayeso aonetsa kuti ana ena, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse, atsala pang'ono kutseguka mutu. Zoona zake zinali zakuti mayina a anawo anangotoledwa mwachisawawa. Pakutha pa chaka, ana otchulidwa aja, makamaka a m'makalasi awiri oyambirira, anakwera kuposa anzawo. Akatswiri ena anadzudzula mayeso amene anagwiritsidwa ntchito, ndipo kafukufuku wa zaka zotsatira anaonetsa kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi ilipodi, koma nthawi zambiri ndi yocheperapo kusiyana ndi mmene inamvekera poyamba. Imakulirapo pa ana amene anthu amawaderera kale.

Nanga ganizo la mumtima limafika bwanji pa mwana? Limadzera m'tinthu ting'onoting'ono. Mary Budd Rowe, amene ankajambula maphunziro a sayansi ku America cha m'ma 1970, anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanapite kwa wina, ndipo ana amene amawaona kuti ndi anzeru amawadikira nthawi yotalikirapo kusiyana ndi amene amawaona kuti ndi ofooka. Aliyense amene anakhalapo kumbuyo kwa kalasi akuzidziwa izi. Funso laponyedwa, manja a kutsogolo ali m'mwamba, zala zikulira, "Ine madamu! Ine madamu!" Mnyamata wa pakona watchulidwa, waimirira, milomo yayamba kugwedera, yankho lili m'njira. Lisanatuluke, "Khala pansi, wina amuthandize." Zikachitika kasanu, mnyamatayo amasiya kufunafuna yankho, chifukwa waphunzira kuti akangokhala chete pang'ono amasulidwa.

Zili ngati mlimi wa kudimba amene ali ndi madzi ochepa. Amathirira kwambiri mbande zimene akuganiza kuti zibereka, zinazo amangowaza. Pokolola amati, "Ndinaziona kale zimenezi kuti sizichita bwino." Sananame, koma nayenso anathandizira kuti zitero. Sindikunena izi podzudzula aphunzitsi. Munthu amene ali ndi ana 100 ndi mphindi 30 sangachitire mwina koma kusankha koponya maso, ndipo chimene chimamusankhira ndi chikhulupiriro chakecho.

Kuika wophunzira patsogolo

Iyi ndi mfundo yakuti mwana si chidebe chongothiramo nzeru, koma amamanga yekha chidziwitso pochita, pofunsa ndi pokambirana ndi anzake, mphunzitsi ali womutsogolera. Ku makoleji a aphunzitsi amaitcha learner-centred education.

Mizu yake ndi yakale. John Dewey anatsegula sukulu yoyeserera ku yunivesite ya Chicago mu 1896, kumene ana ankaphunzira masamu ndi sayansi pophika, polima ndi popala matabwa. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula nyumba ya ana m'dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome mu 1907, ndipo ankalola mwana kusankha chochita n'kuchibwereza mpaka atakhutira. Paulo Freire wa ku Brazil anayerekeza maphunziro oloweza ndi kusungitsa ndalama kubanki: mphunzitsi amaika, tsiku la mayeso amadzatapa.

Mfundoyi inalowa mwamphamvu mu pulayimale za m'Malawi ndi silabasi ya PCAR, imene inayamba mu 2007. Inabwera ndi ntchito za m'magulu, kuyesa ana mosalekeza m'malo modikira mayeso a kumapeto, ndiponso kulimbikitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi monga zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi makatoni. South Africa inali itayamba kale njira yofanana nayo mu 1998, koma inaisiya n'kubweretsa silabasi yolongosola chilichonse mwatsatanetsatane kuyambira mu 2012.

Oikonda amati mwana amene wapeza yekha kuti zitsekerero zitatu m'milu inayi zimakwana 12 saiwala, pamene woloweza amaiwala mayeso akatha. Amatinso dziko la demokalase likufunika ana odziwa kufunsa. Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba inanenedwa momveka mu 2006 ndi Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark: munthu amene akungoyamba kumene chinthu amaphunzira bwino akafotokozeredwa ndi kuonetsedwa, osati akasiyidwa kuti afufuze yekha. Palibe mwana amene angatulukire yekha kuti "ng'" amatchulidwa bwanji. Yachiwiri ndi ya malo. Richard Tabulawa wa ku Botswana analemba kuti njirayi inafika ku Africa itamangiriridwa ku thandizo la mayiko olemera, osafunsa ngati ikugwirizana ndi zipinda zathu komanso mmene ana ndi akulu amakhalirana kuno. Michele Schweisfurth, ataunika malipoti 72 a kafukufuku wa m'mayiko osauka mu 2011, anapeza kuti kawirikawiri njirayi imathera pa maonekedwe. Ana amakhaladi m'magulu a anthu 15 mozungulira buku limodzi, koma wolemba ndi mmodzi, woyankha ndi yemweyo, enawo akuonerera.

Pakati pa mbali ziwirizi pali ganizo la Lev Vygotsky wa ku Russia, amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Iye anati pali zimene mwana amatha yekha, pali zimene amatha akathandizidwa, ndipo pali zimene sangathe ngakhale mutamuthandiza. Kuphunzira kumachitika pakatipo. Taganizirani mtsikana amene akuphunzira kusenza madzi. Mayi ake samupatsa ndowa ya malita 20 tsiku loyamba, komanso samusiya ndi kachitini mpaka kukula. Amamupatsa kandowa kolemera pang'ono kuposa dzulo, amamupindira nkhata, amamutwika, amayenda pambali dzanja lili pafupi. Mawa dzanja lija limachoka. Mayiyu akutsogolera kwathunthu, komabe maso ake ali pa khosi la mwanayo, osati pa kalendala. Mbali zonse ziwiri za mkangano uja zimamutenga Vygotsky ngati wawo.

"Uyu amaphunzira poona, uyu pomva"

Pali mfundo ina yotchuka yakuti mwana aliyense ali ndi njira yakeyake yobadwa nayo: wina amaphunzira poona, wina pomva, wina pogwira, ndipo mphunzitsi azimuphunzitsa m'njira yakeyo. Inafala kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti aphunzitsi oposa 9 mwa 10 amene anafunsidwa ku Britain ndi ku Netherlands ankaikhulupirira. Koma Harold Pashler ndi anzake ataunika umboni mu 2008, sanapeze chotsimikizira kuti kugawa ana motere kumawathandiza kukhoza bwino. Anthu amakondadi njira zosiyana, koma chimene chimalamula njira yabwino ndi chinthu chophunziridwacho. Mapu amafuna maso, maliwu a malembo amafuna makutu, ndipo kupalasa njinga simungakuphunzire pomvetsera. Kusakaniza njira m'phunziro limodzi n'kwabwino kwa ana onse. Kumata mwana chizindikiro chakuti "uyu ndi wa zithunzi" ndiko kulibe maziko.

Kuyambira pamene mwana ali

Apa ndi pamene pali umboni wambiri wochokera m'makalasi ofanana ndi athu, choncho tikhalitsepo.

Mu 1984 Benjamin Bloom wa ku Chicago analemba kuti mwana wamba wophunzitsidwa payekha ndi mphunzitsi wake amaposa ana 98 mwa 100 a m'kalasi wamba. Kafukufuku wotsatira anapeza phindu locheperapo kuposa pamenepo, koma funso limene Bloom anasiya lidakalipo: popeza palibe dziko limene lingapatse mwana aliyense mphunzitsi wake, tingayandikire bwanji phindu limenelo tili ndi gulu?

Yankho limodzi linachokera ku India. Bungwe la Pratham, limene linayamba mu mzinda wa Mumbai m'zaka za m'ma 1990, lakhala likuyesa ana m'midzi kuyambira mu 2005, ndipo chaka ndi chaka limapeza kuti pafupifupi theka la ana a kalasi yachisanu sangathe kuwerenga nkhani ya kalasi yachiwiri. Njira imene anakonza imatchedwa Teaching at the Right Level, ndipo ndi yosavuta kuifotokoza.

Mphunzitsi amakhala pakhonde ndi mwana mmodzi ndi pepala limodzi. Papepalapo pali malembo, mawu, kandime ka ziganizo zinayi ndi kankhani kakafupi. Amayamba ndi kandime. Mwana akawerenga bwino, amapita ku nkhani. Akakakamira, chala chikungoima pa liwu loyamba, mphunzitsi samukalipira, amangotsitsa chala chake pa mawu paokha: "Nanga awa?" Akalepheranso, amapita pa malembo. Pa mphindi zochepa zadziwika kuti mwanayu ali pa gawo liti mwa magawo asanu: sadziwa malembo, amadziwa malembo, amawerenga mawu, amawerenga ndime, kapena amawerenga nkhani. Kenaka, kwa ola limodzi patsiku, ana a makalasi atatu amasakanizidwa n'kugawidwa potengera magawowa, osati zaka kapena kalasi. Wa Sitandade 5 amene sadziwa malembo amakhala ndi wa Sitandade 3 amene sadziwanso malembo, ndipo amaphunzira malembowo ndi makadi, masewera ndi kulemba pansi. Pakapita masabata angapo amayesedwanso, ndipo amene wakwera amasamuka gulu.

Mayi aliyense amene anapitako kusikelo akuidziwa nzeru imeneyi. Mwana amakwezedwa pasikelo, kulemera kwake kumalembedwa m'buku lake, ndipo malangizo amatengera pamene kadontho kagwera, osati pamene ana a msinkhu wake amayenera kukhala. Mwezi wamawa amamuyezanso. Muonanso kuti njirayi yabwerera ku timagulu ta Lancaster tija. Siphunzitsa mwana aliyense payekha. Imangochepetsa mtunda wa pakati pa wotsogola ndi wotsalira m'gulu limodzi, kuti mphunzitsi akamayankhula mawu ake azigwera ambiri.

Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Michael Kremer, anayesa njirayi kambirimbiri ku India pofananitsa sukulu zosankhidwa mwamaere. Zotsatira zake zili ndi phunziro kwa ife. Ku Uttar Pradesh, kumene anaphunzitsa ana mwakathithi kwa masiku ochepa kangapo pachaka, ndi ku Haryana, kumene boma linapatula ola lapadera ndi kutuma alangizi kukayendera, ana anakwera pa kuwerenga. Koma ku Bihar ndi ku Uttarakhand, kumene aphunzitsi anangosulidwa n'kupatsidwa zipangizo kuti azigwiritsa ntchito m'kati mwa temu, panalibe kusintha kwenikweni. Aphunzitsiwo anabwerera ku silabasi, chifukwa chimene akuluakulu awo ankafunsa ndi chakuti afika pa mutu wanji. Zambia inayamba kuyesa njirayi mu 2016 m'sukulu 80 za m'zigawo za Kummawa ndi Kummwera, pa dzina lakuti Catch Up, kwa ana a Giredi 3 mpaka 5, ndipo kenaka inafalikira m'zigawo zina. Ku chigawo cha Kummawa ana amachita zimenezi m'Chinyanja.

Palinso kafukufuku wa ku Kenya, m'sukulu 121 za kumadzulo kwa dzikolo, amene anafalitsidwa mu 2011. Sukulu zonse zinapatsidwa mphunzitsi woonjezera kuti kalasi yoyamba igawidwe pawiri. M'sukulu zina ana anagawidwa mwamaere, m'zina potengera kakhozedwe. Kumene anagawidwa potengera kakhozedwe, magulu onse awiri, apamwamba ndi apansi omwe, anachita bwino kuposa anzawo.

Komabe nkhawa ya otsutsa kugawa ana motere si yongopeka. Ku England, kumene kugawa ana potengera nzeru n'kwakale, kafukufuku amaonetsa kuti phindu lake ndi lochepa ndipo nthawi zina ana a m'magulu apansi amatsalira kwambiri, chifukwa gulu limasanduka dzina la mwana. Ambiri a ife tikukumbukira sukulu zimene kalasi A inali ya anzeru, C ya otsala, ndipo palibe ankasamuka. Oteteza njira ya ku India amati kusiyana kwake n'kwakuti magulu ake ndi a ola limodzi, a luso limodzi, ndipo khomo lake ndi lotsegula. Otsutsa amafunsa ngati khomolo limakhalabe lotsegula alangizi akasiya kubwera.

Ana aulumali m'kalasi imodzi ndi anzawo

Nthawi zambiri akuluakulu a unduna akamanena za zosowa za mwana aliyense amakhala akunena za inclusive education, ndiko kuti ana onse, aulumali ndi opanda ulumali, aziphunzira pa sukulu ya kwawo, ndipo sukuluyo isinthe kuti iwakwanire.

Mbiri yake ili ndi masitepe atatu. Poyamba panali sukulu zapadera, zambiri zoyambitsidwa ndi mishoni: za osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, za osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Koleji ya Montfort ku Nguludi ndi imene yakhala ikusula aphunzitsi a ana amenewa. Kenaka panadza njira yoika resource centre pa sukulu wamba, kumene mwana amaphunzira zilembo za Braille kapena kulandira thandizo lina, n'kumalowanso m'kalasi ndi anzake. Sitepe yachitatu inalengezedwa mu June 1994 ku Salamanca, m'dziko la Spain, kumene maboma 92 ndi mabungwe 25 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006 linatsindika zomwezo m'gawo 24, ndipo Malawi inalivomereza mu 2009. Unduna wa zamaphunziro unatulutsa ndondomeko yake ya nkhaniyi ya zaka za 2017 mpaka 2021.

Kusiyana kwa sitepe yachiwiri ndi yachitatu kuli ngati yunifolomu yogula yosokasoka ndi yosoketsa kwa telala. Yogula, mwana ndiye ayenera kukwanamo. Kwa telala, tepi imayamba yazungulira mwana, nsalu n'kudulidwa pambuyo. Funso limasintha: vuto lili m'miyendo ya mwana, kapena m'masitepe a pakhomo la kalasi ndi chimbudzi chopanda pogwira? Ndipo sikuti nkhaniyi ndi ya ana ochepa. Lipoti la Mary Warnock ku Britain mu 1978 linati mwana mmodzi mwa asanu aliwonse amafuna thandizo lapadera nthawi ina pa moyo wake wa sukulu.

Zosintha zina sizilira ndalama. Ana ambiri achialubino saona bwino patali ndipo kuwala kumawapweteka m'maso. Mtsikana wotere akakhala kumbuyo, amatsinzina, amakopera zolakwika m'kope la mnzake, ndipo pakutha pa temu amatchedwa waulesi. Mphunzitsi amene wazindikira amamukhazika kutsogolo, kumbali yopanda dzuwa, amalemba zilembo zikuluzikulu pabolodi, amatchula mokweza zimene akulemba, amamulola kuyandikiza buku kumaso ndi kuvala chipewa. Ana ena khumi amene palibe ankadziwa kuti saona bwino amapindula nawo.

Zina ndi zovuta kwambiri. Mwana wosamva amene wakhazikidwa pakati pa ana 90 oyankhula, mphunzitsi osadziwa chinenero chamanja, ali m'kalasi ndi thupi lokha. N'chifukwa chake mabungwe a anthu osamva padziko lonse amachenjeza kuti kwa iwo sukulu yowakwanira ndi imene ili ndi anzawo ndi aphunzitsi oyankhula ndi manja. Sanaiwale msonkhano wa ku Milan wa mu 1880, umene unachititsa kuti chinenero chamanja chichotsedwe m'sukulu zambiri kwa zaka zochuluka. Makolo ena a ana aulumali waukulu amasankhanso sukulu yapadera chifukwa kumeneko kuli katswiri ndi zipangizo. Ena amayankha kuti sukulu zapaderazo ndi zochepa, zili kutali, zimachotsa mwana wa zaka 6 pa msana pa amayi ake, ndipo ana ambiri aulumali akapanda kulandiridwa pa sukulu ya m'mudzi sapita ku sukulu iliyonse.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la chiwerengero. Njira zina zaoneka kuti zimathandiza ngakhale m'makalasi akuluakulu, koma palibe amene wagwirizana kuti malire ali pati. Ndalama zikachepa, tiyambe ndi kumanga zipinda ndi kulemba aphunzitsi, kapena kusintha kaphunzitsidwe ka amene alipo kale?

Lachiwiri ndi la mayeso. Sukulu imatchuka ndi chiwerengero cha ana amene asankhidwa kupita ku sekondale pa mayeso a Sitandade 8. Mphunzitsi amene wachotsa ana 30 pa malembo n'kuwafikitsa pa mawu, koma sanamalize silabasi, adzayamikiridwa ndi ahedi ndi a PEA (alangizi oyendera sukulu za pulayimale m'zoni), kapena adzafunsidwa chifukwa chake watsalira? Zimene zinachitika ku Bihar zikusonyeza kuti yankho la funsoli lingathe kupha kapena kupulumutsa njira iliyonse.

Pali funso la ufulu wa mphunzitsi. Pulogalamu ya dziko lonse ya kuwerenga, imene inayamba mu 2016, inapatsa aphunzitsi mabuku olongosola phunziro sitepe ndi sitepe: mphunzitsi achite, achitire limodzi ndi ana, ana achite okha. Ena amati zimenezi zimateteza mwana kwa mphunzitsi wosasulidwa bwino. Ena amati zimamanga manja mphunzitsi waluso amene akuona kuti theka la kalasi latsala pa tsamba la dzana.

Pali matabuleti. Kuyambira mu 2023 boma likufalitsa pulogalamu ya BEFIT m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, ya matabuleti otchajidwa ndi dzuwa okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion, amene amapatsa mwana aliyense ntchito ya pa msinkhu wake. Mayeso oyambirira anaonetsa phindu pa kuwerenga ndi masamu. Chimene zaka zikubwerazi zidzaonetse ndi chakuti phindulo lidzakhalabe sukulu zikachuluka, zipangizo zikayamba kuwonongeka, ndiponso ngati zimene tabuleti yadziwa za mwana zimafika kwa mphunzitsi wake.

Chinenero nachonso ndi chosowa cha mwana. Wa ku Mangochi amene kunyumba amayankhula Chiyao, wa ku Rumphi wa Chitumbuka, wa ku Nsanje wa Chisena, amayamba kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Akachedwa, tidziwa bwanji ngati vuto ndi kuwerenga kapena chinenero? Nanga mwana wothamanga, amene anamaliza buku lonse sabata yoyamba ndipo tsopano wasanduka wothandiza anzake, zosowa zake akuziona ndani?

Ndipo pali zosowa zimene si za choko. Mwana amene wabwera osadya, amene wagona mochedwa chifukwa amagulitsa mandasi, mtsikana amene amajomba masiku anayi mwezi uliwonse chifukwa sukulu ilibe chimbudzi chabwino ndi madzi. Phala la kusukulu limayankha mbali imodzi. Zotsalazo, ndi ziti zimene tingayembekezere kwa mphunzitsi, ndi ziti za makolo ndi komiti ya sukulu, ndipo ndi ziti zimene ndi za boma lokha?